Mzere Wachikasu

Bambo anamwalira ndili m'chaka chachiwiri ku koleji. Anasiya shopu yaing'ono yokonzera mawotchi, majekete awiri, ndi Amayi, amene saona.

Amayi anasiya kuona ine ndisanabadwe. Moyo wanga wonse ndinkawaona akutuluka m'mawa atagwira chigongono cha Bambo, kupita kuntchito kwawo, kumalo ochapira zovala za m'mahotela kumene ankapinda nsalu zoyala pabedi. Bambo ankawasiya pakhomo pamenepo n'kupitirira ku shopu, madzulo n'kudzawatenga. Ndodo yoyera inalipo, koma inkangokhala kuseri kwa chitseko, ndipo ntchito yake imene ndinkaidziwa ine inali yotulutsira nsapato zolowa pansi pa bedi.

Ndinabwera kumaliro ndi kachikwama kamodzi, ndikuganiza kuti sabata yotsatira ndikhala nditabwerera. Sindinabwerere. Ndinkaphunzira za kamangidwe ka mizinda, ndipo anthu a mumsewu mwathu anali atayamba kale kunditchula kuti Injiniya. Dzinalo linatsala ngakhale sukulu inatha. Poyamba ankalitchula monyadira. Atayamba kundiona m'mawa ndi madzulo ndikuperekeza Amayi, ankalitchula mwanjira ina.

Patapita miyezi ingapo kunabwera Azakhali, mlongo wawo wa Bambo, amene amakhala kumzinda wina wakutali. Anakhala pampando wa Bambo osafunsa, n'kuyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Alamu, ndilankhule mosapita m'mbali," anatero kwa Amayi. "Mwanayu akufota. Anzake ali m'kalasi, iye ali pano kuyenda uku ndi uku ngati mthenga. Kwathu kuli chipinda chakumbuyo, chili ndi zenera lalikulu."

"Zeneralo ndilo landikopa," anatero Amayi.

Azakhali sanaseke. "Musaumitse khosi. Mchimwene wanga kulibe. Akuyendetsani ndani?"

"Ineyo," ndinatero.

"Iwe khala chete, akulu akulankhula."

Amayi anapukuta manja pansalu yawo, ngakhale sanali onyowa. "Nanga ndikamayenda ndekha kuntchito? Mundisiya m'nyumba mwanga?"

"Nokha? Mumsewu umenewu?"

"Ndekha. Iyeyu abwerere kusukulu kwake, ine nditsale ndi ntchito yanga ndi makiyi anga."

Anagwirizana choncho. Sukulu ikamadzatsegulira chaka chatsopano Azakhali adzabweranso. Akadzapeza Amayi akuyenda okha, nkhani yatha. Akadzapeza akundigwirabe, Amayi adzalongedza.

M'mawa mwake ndodo inatuluka kuseri kwa chitseko.

Njira ya oyenda pansi ya m'mbali mwa msewu wathu inali yakalekale, ya masilabu akuluakulu a simenti, ambiri osweka. Aliyense ankaitukwana. Azimayi oyenda ndi ana ankaitukwana, okankha mawilibala ankaitukwana, ngakhale ine ndinali nditathyolerapo chala cha kuphazi ndili mwana. Palibe amene ankayendapo mutu uli m'mwamba. Anthu ankayenda pang'onopang'ono, maso pansi, kusankha popondapo ngati akuwoloka mtsinje.

Koma Amayi anali atayendapo zaka zambiri, ndipo mapazi awo anali atasunga zonse popanda iwo kudziwa.

"Apa m'pa silabu yogwedera," anatero tsiku loyamba, ndili pambali pawo manja ndili nawo m'thumba monga anandilamulira. Anaiponda, inalira kuti gu. "Ndiye kuti tili pa sitolo ya mankhwala. Bambo ako ankati imeneyi yokha ndiyo imatipatsa moni mumsewu muno."

Kutsogolo pang'ono panali chivindikiro chachitsulo cha ngalande chimene chinkalira ndodo ikachigunda, ndipo pamenepo panali pa ometa tsitsi. Kenako silabu yotukulidwa ndi mizu ya mtengo waukulu, pamene phazi linkayenera kukwera. Ukadutsa mtengowo, panali chigamba cha simenti yokhakhala chimene munthu wina anamata mosasamala zaka zapitazo. Chigambacho chinkatanthauza kuti khoterani kumanja, imani, mverani magalimoto, wolokani. Tsidya linalo, khomo lachitatu, fungo la sopo.

Anaphunzira msanga kuposa momwe ndinkafunira. Ndinkayamba ndayenda pambali, kenako kumbuyo, kenako kutali ndithu. Popeza anthu ankayang'ana pansi, ankaiona ndodo ikubwera n'kupatuka. "Mwadzuka bwanji, Amayi a Injiniya?" Iwo ankayankha osaima, nkhope ili kutsogolo, ngati munthu wochedwa kumsonkhano. Madzulo ankafika kunyumba atatopa, koma ankaimba pophika. Aka kanali koyamba kuimba chimwalirire Bambo.

Ndiye kunabwera anthu a mawilibala ndi mapiki.

Ananena kuti akukonza mzinda. Anazula masilabu onse kuyambira pageti pathu mpaka kumapeto kwa msewu, n'kuwaunjika ngati zinyalala. Mtengo uja anaudula, ati mizu yake ndiyo inkawononga. Kwa masabata angapo tinkayenda mumsewu weniweni, pakati pa fumbi ndi magalimoto, Amayi atandigwiranso.

"Silabu yanga ija aitaya kuti?" anafunsa tsiku lina.

"Ili pamulu, Amayi."

"Osaipatsa n'penshoni yomwe."

Koma ine ndinali wokondwa, ndipo ndinali ndi chifukwa. Ndinaona zimene ankatsitsa m'galimoto: tinjerwa ta simenti totuwa, tina tofiira ta maluwa, komanso matailosi achikasu okhala ndi mizere yotukuka ngati nthiti. Amenewo ndinkawadziwa. Ndinali nditawaphunzira, ndinali nditawajambula pamayeso.

"Amayi, awa ndi anu," ndinawauza, nditawagwiritsa tailosi imodzi m'manja. "Akayala mzere umodzi wautali. Mukamva nthitizi pansi pa phazi, ndiye kuti pitirirani. Mukamva timatuza tozungulira, ndiye kuti imani, pali powolokera. Mzinda wonse wakuganizirani."

Anasisita tailosiyo ndi chala chachikulu. "Mzinda wonse? Unali kuti nthawi yonseyi?"

Amisiri anaiyala bwino njirayo, sindinganame. Njira inatuluka yosalala, yofanana kuyambira uku mpaka uko, mzere wachikasu ukudutsa pakati mowongoka. Ndipo msewu wathu unasintha kayendedwe. Anthu anayamba kuyenda mofulumira. Atsikana a m'maofesi anatulutsa nsapato zazitali zimene kale ankazinyamula m'zikwama. Ana ankalumpha kuchoka panjerwa yofiira kupita pa inzake. Pansi panalibenso choopa, ndiye maso anachokapo n'kupita pamafoni. Ndodo ya Amayi inayamba kugunda akakolo a anthu, ndipo m'malo mwa moni tinkamva kutsonya.

Chinthu china ndinachiona mochedwa. Anthu openya sankaukonda mzere wachikasu. Nthiti zake zinkabaya nsapato zopyapyala, mawilibala ankanjenjemera akakwerapo. Ndiye khamu linkagawikana pawiri, ena uku ena uko, pakati n'kutsala mpata wopanda munthu. Ndipo mumzinda, mpata wopanda munthu sukhalitsa.

Woyamba anali mnyamata wokonza mafoni. Anaimika chikwangwani chake cha miyendo iwiri pamzere penipeni.

"Aise, chotsa ichi," ndinamuuza.

"Bwanji, Injiniya? Ndachiika pamene sipadutsa anthu. Ukufuna nditsekere makasitomala?"

"Mzerewu ndi wa anthu osaona."

Anayang'ana pansi, n'kuyang'ana ine. "Osaona? Ndiye aupaka chikasu kuti aone ndani?"

Anzake anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ndinamufotokozera, anamva, anapepesa ndithu, anachisuntha. Mawa lake mng'ono wake ndiye anatsegula shopu, n'kuchibwezera pomwepo. Panabwera njinga zamoto zodikira anthu, zitandandalika pamzerewo ngati ndi malire amene anawajambulira. Wa sitolo ya nsalu anaikapo chidole chovala diresi. Mayi wina wogulitsa nthochi yekha ndiye anamva kamodzi n'kusunga; tsiku lililonse ankakokera dengu lake kumbuyo n'kumakalipira anzake, koma anali mmodzi.

Ndinayenda shopu ndi shopu. Palibe amene anandinyoza kwenikweni, ndipo n'zimene zinkandipweteka. Onse ankati, "Aa, pepa m'bale, sitimadziwa," ndipo onse ankaiwala. Ndikanakonda pakanakhala munthu mmodzi woipa woti ndimude.

Amayi anayesetsa. M'mawa uliwonse ankapeza mzere ndi phazi, n'kuutsata mpaka ndodo itagunda chinthu. Ankachizungulira, n'kufufuzanso nthiti zija. Vuto linali lakuti chinthucho sichinkakhala pamalo amodzi. Lero chikwangwani chili pa sitolo ya mankhwala, mawa chili pa ometa. Ndipo pakati pa zopingazo pansi panali chete. Pa mankhwala, pa ometa, pamene panali mtengo, ponse phazi linkamva chimodzimodzi.

"Ndili pati?" ankafunsa, ndipo ine ndinkawauza. Ankapitirira pang'ono. "Nanga pano?"

Anasiya kuimba.

Azakhali anaimba foni kuti abwera Loweruka. Lachisanu m'mawa Amayi anavala diresi yawo yabuluu, imene ankaisunga ya masiku ofunika, n'kuimirira pakhomo ndodo ili m'manja.

"Lero usanditsatire."

"Ndingokhala kutali."

"Ndati usanditsatire. Tsuka mbale."

Ndinawalola kutuluka pageti, ndinadikira pang'ono, kenako ndinawatsatira.

Anayamba bwino. Chikwangwani cha wa mafoni anachigunda, anachizungulira ngati akuzungulira mwana wogona pansi. Pa njinga zamoto mmodzi anakankha yake n'kunena kuti, "Dutsani, mayi." Mayi wa nthochi anawapatsa moni mokweza dala, kuti adziwe pamene afika. Ndinaona msana wawo ukuwongoka. Ndinayamba kale kukonza m'mutu mawu oti ndidzauze Azakhali.

Powolokera pawo, pamene kale panali chigamba chokhakhala, amisiri anali atayala matailosi a timatuza aja, malo otambalala bwino. Dzulo lake panali poyera. M'mawa umenewo panali bambo wina wachilendo, wogulitsa nsapato zakale, atayala lona lake pamwamba pa timatuza tonse, nsapato zitandandalikidwa ziwiriziwiri. Sanalakwe dala. Anapeza malo aakulu amene anthu ankawalambalala.

Ndodo inagunda nsapato. Amayi anapatuka, anazungulira lonalo monga anazungulirira zina zonse, anapezanso nthiti kutsidya kwake, n'kupitirira. Mzerewo sunkadziwa kumene iwo amagwira ntchito. Unkangopita.

Ndinafuna kuwaitana koma ndinadziletsa. Ndinati mwina azindikira. Anadutsa banki. Anadutsa malo omwetsera mafuta. Kumeneko msewu umatsikira kokwerera mabasi, kumene oitanira amakuwa ndipo mawailesi amalimbana. Mapazi awo anayamba kufupika. Anaima, anatembenuza mutu uku ndi uku, akununkhiza mpweya. Anabwerera pang'ono, ndodo inagunda mwendo wa munthu, munthuyo anawakalipira osachotsa maso pafoni. Anatembenukanso. Tsopano sankadziwanso kumene achokera.

Ndiye anachita chinthu chimene sindinachionepo. Anawerama, anavula nsapato imodzi, n'kuyamba kupapasa pansi ndi phazi lopanda kanthu, kutsogolo, kumbali, kumbuyo. Amayi anga, amene sankatuluka ngakhale pakhonde osavala nsapato. Anapapasa nthawi yaitali. Khamu linkagawikana pa iwo n'kukakumananso kutsogolo. Kenako anangoima, phazi limodzi pansi, nsapato ili m'manja.

Mayi wina wovala bwino anachepetsa liwiro, anapisa m'chikwama, anaponya kandalama kachitsulo m'nsapatomo, n'kupitirira.

Ndinathamanga.

"Amayi."

"Wachedwa," anatero, osadzidzimuka. "Nsapato yako yakumanzere ndakhala ndikuimva kuyambira pageti, mpaka phokosoli linaimeza. Mbale watsuka?"

"Ayi."

Anapendeketsa nsapato yawo, kandalama kaja kanagwera m'dzanja. Anakasisita mbali zonse ziwiri, n'kukaika pansi mosamala, pambali pa phazi lawo. Anavala nsapato atatsamira paphewa langa.

"Ndapitirira kwambiri?"

"Pang'ono chabe."

"Usandinamize, ndikumva mabasi."

Ndinawabweza, tinawoloka. Pakhomo la kuntchito kapitawo wawo, mayi wamfupi wa mawu aakulu, anali atatuluka kudzasuzumira mumsewu.

"Asisi, lero mwagona? Nsalu zatifika m'khosi muno!"

"Ndinapita kukaona mabasi," anatero Amayi. "Akadalipo."

Analowa. Ndinaima pazenera kwa kanthawi. M'katimo munali nthunzi ndi phokoso la makina, ndipo Amayi anapita pathebulo pawo osagunda kanthu, anapachika ndodo pamsomali, anagwira ngodya ziwiri za nsalu n'kuikung'untha kamodzi. Mnzawo anagwira ngodya zinazo, anayandikizana, anatalikirana, nsalu inasanduka kabokosi. M'chipinda chimenecho palibe amene akanadziwa kuti saona.

Madzulo, titafika kunyumba, anakhala pabedi osavula diresi yabuluu ija.

"Unditsitsire sutikesi pamwamba pa kabati."

"Amayi, linali tsiku limodzi. Wa nsapato uja ndalankhula naye, wasuntha. Ndi munthu wabwino, anachita manyazi."

"Ndikudziwa. Onse ndi abwino. Mawa kudzabwera wabwino wina."

"Ndiye ndizidzuka m'mawa, ndizidutsa kaye ndekha, ndizichotsa zonse."

"Uli ku koleji?"

"Sindikupita. Ndikhala. Ndizikuperekezani monga ankachitira Bambo, palibe chovuta, ndazolowera."

"N'chimene ndikuopa." Anatambasula dzanja, anapeza nkhope yanga, anagwira ndevu zimene ndinali nditasiya kumeta. "Bambo ako anali ndi kopita. Ankandisiya pakhomo n'kumapita kwawo ku mawotchi. Iwe ukandisiya umapita kuti? Umaima pazenera. Akundiuza anzanga."

Ndinachotsa nkhope yanga m'dzanja mwawo.

"Ine sindinabereke ndodo, mwanawe. Ndodo ndili nayo kale."

"Tikhoza kuwauza Azakhali kuti mwakwanitsa. Adziwa bwanji?"

"Ndipo iwe ukapita, ndizikaima kumabasi nsapato m'manja? Pansi pakale paja panali poipa, koma pankakhala pomwe ndapasiya. Ndakalamba kuti ndiziphunzira msewu watsopano m'mawa uliwonse. Tsitsa sutikesi."

Ndinaitsitsa. Inali ndi fumbi, ndipo m'kati munali zipangizo za Bambo zimene ndinabweretsa titatseka shopu: timasukurudalaiva tating'onoting'ono, kagalasi kovala padiso, mawotchi angapo amene eni ake sanabwere kudzatenga. Amayi anamva kulira kwa zitsulozo.

"Zimenezo zitsale ndi iwe," anatero. "Koma jekete yakuda ulowetse."

Analongedza okha. Zovala zawo anazipinda monga amapindira nsalu za mahotela, ngodya kukumana ndi ngodya, ndipo ine ndinangokhala pansi n'kumawapatsira chimene atchula.

Azakhali anafika Loweruka dzuwa lili pamutu, ndi galimoto ya mwana wawo. Atangoona sutikesi pakhomo anamvetsa, ndipo ndiyenera kunena kuti sananyade. Anawakumbatira Amayi nthawi yaitali, misozi ikutsika.

"Mwachita bwino, alamu. Mchimwene wanga akanafuna chomwechi."

"Mchimwene wanu akanafuna kukhala moyo," anatero Amayi. "Tiyeni."

Anayenda m'nyumba komaliza, dzanja likukhudza khoma, thebulo, msana wa mpando wa Bambo. Makiyi anandipatsa ine kuti ndikabweze kwa mwini nyumba ndikamanyamuka. Anandiuza kuti ndimete, kuti ndikawauze a kuntchito Lolemba m'mawa ndisanachite china chilichonse, kuti ndisakalankhule zowawa kwa wa mafoni uja chifukwa ndi mwana.

Atakhala kale m'galimoto, ndodo ili pakati pa mawondo, anatembenukira kwa Azakhali.

"Kodi kwanuko, kunja kwa geti, pansi pake m'potani? Ndi masilabu, dothi, kapena tinjerwa timeneti?"

Azakhali anaseka mokoma mtima n'kuwasisita pabondo. "Musavutike ndi zimenezo, alamu. Simudzafunika kutuluka. Chilichonse tizikubweretserani."

Amayi anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaipinda ndodo ija, mfundo ndi mfundo, n'kundipatsira pazenera kuti ndiike kumbuyo pamodzi ndi katundu.